Mabedi Asanu ndi Limodzi

Lolemba

Kuzizira kwayamba. M'mawa uno vaselini wanga walimba ngati sopo. Ine mwana wa ku Salima, miyezi inayi chibwerereni kudzaphunzitsa kuno ku Mzimba Boma, ndipo anthu akuti ichi n'chiyambi chabe, Juni sanafike.

Amayi ayimba foni. Akubwera kumapeto kwa Julayi, adzakhala mwezi wathunthu. Adokotala awauza kuti azidya masamba tsiku ndi tsiku chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ine ndi pakamwa panga ndaulula kuti masamba ndimagula kumsika. Iwo akuti: "Mwana wa mlimi iwe?"

Ndiye basi. Sabata ino, ndikamaweruka kusukulu, ndikonza dimba kuseri kwa nyumba. Ndalemba ndi cholembera chofiira:

- mabedi asanu ndi limodzi: mpiru awiri, repu, chayinizi, anyezi, kabichi
- manyowa
- mpanda
- udzu wophimbira, kuti chisanu chisawaule mbewu

AnyaMoyo, mayi a nyumba yoyandikana ndi yanga, andibwereka khasu. Mpaka lero timangopatsana moni. Ayang'ana pepala langa, ayang'ana kuseri kwa nyumba, ayang'ananso ine. "Yewo, madamu. Limbikani."

Lachiwiri

Ndikulima. Ndikuyimba nyimbo za kwaya, khasu likuvomera. Nthaka yake ndi yolimba ngati simenti, koma mtima uli m'malo.

Pa bedi lachisanu khasu lalira ngwe. Ndi simenti ndithu. Pansi pali maziko a khitchini yakale, ndipo atenga malo a mabedi awiri.

Zimene ndakolola lero:

- njerwa khumi ndi ziwiri
- nsapato imodzi ya munthu wamkulu phazi
- supuni yopindika
- matuza atatu, awiri kudzanja logwirira choko

Kabichi ndi chayinizi ndazifufuta papepala. Chayinizi amayi samukonda n'kale. Mabedi anayi si ochepa.

Lachitatu

Tsiku la manyowa. Popita kusukulu ndakumana ndi adada Tembo, amene ali ndi khola la ng'ombe kutsidya kwa mtsinje. Ndawapempha m'Chitumbuka changa cha miyezi inayi: "Pachoko waka, adada." Pang'ono chabe. Ndimaganiza za matumba awiri.

Ndikuweruka ndapeza ngolo ikutuluka pakhomo panga, yopanda kanthu. Kuseri kuli phiri. Lafika m'chiuno, likutuluka nthunzi, ndipo lakhala ndendende pa mabedi awiri amene ndinawasalaza bwino kwambiri dzulo.

Adada Tembo akumwetulira, chipewa m'manja. "Kwathu kuno ngolo imodzi ndiye pachoko, mama."

Ndawaphikira tiyi. Munthu wotere ungamukalipire bwanji? Anditchulira mayina a ng'ombe zawo zonse, ndi khalidwe la iliyonse.

Pa mabedi awiri otsalawo ndafesa repu ndi mpiru. Anyezi adikire chaka cha mawa. Zovala zimene ndinayanika m'mawa zikununkha khola.

Lachinayi

Nkhuku za anyaMoyo zamva za phiri. Ndaziwerenga: khumi ndi zinayi, kuphatikiza tambala wa khosi lopanda nthenga amene akuoneka kuti ndiye kapitawo.

Ndinene zoona, zikugwira ntchito. Manyowa amene ndikanamwaza masiku atatu, izo zamwaza tsiku limodzi: pabwalo, pakhonde, m'bafa, mu nsapato zanga zopitira kutchalitchi. Zitatopa zakapumulira pa bedi la repu, n'kudya mbewu yonse.

Ndazithamangitsa ndi tsache. Zazungulira nyumba n'kufika kuseri ine ndisanafike.

AnyaMoyo ali pakhonde pawo akusenda chinangwa, mapewa akugwedezeka. "Pepani, madamu, musazipse mtima. Sizinaonepo chakudya chotere."

Pakufunika mpanda msanga. Mphunzitsi mnzanga ali ndi mlamu wake amene amayendetsa lole ya matabwa kuchokera ku Luwawa. Akuti mawa andiponyera zigwagwa, zija zimatsala m'mbali akamacheka matabwa.

Bedi limodzi. Koma ndi la mpiru, ndipo mpiru ndiwo amayi amaukonda.

Lachisanu

Zigwagwa zafika, zonunkhira paini. Zakwana mbali zitatu.

Ndangoyamba kukhoma, anyaMoyo atulukira ndi nyundo yeniyeni, poti ine ndimakhomera mwala. Pambuyo pawo amayi ena atatu a mumzere wathu uno, amene sindimawadziwa n'mayina omwe. Malangizo awo:

- mitengo izame kwambiri
- isazame kwambiri, chiswe chidya
- khomo liyang'ane kum'mawa
- khomo la chiyani, mpanda wake waufupi chonchi, muzingolumpha

Tatsatira onse. Mbali yachinayi tatseka ndi mphasa yanga yakale. Akundiphunzitsa nyimbo ya Chitumbuka yokhomera misomali, ndipo ndikafika pa mzere wachiwiri onse akugwa n'kuseka. Palibe amene akufuna kundiuza chimene ndikunena.

Tamaliza dzuwa likadalipo. Tambala uja wauluka, watera pamwamba pa mpanda, walira kawiri, n'kutsikira mkati.

Komabe ndi mpanda. Ndaujambula pafoni, mbali imene yawongoka.

Loweruka

M'mawa udzu wa pabwalo uli mbuu, woyera. Ndimayesa phulusa. Ndaugwira, zala zachita dzanzi. Ndiye chisanu chimenechi.

Ndapita kudambo ndi anyaMoyo kukamweta udzu wophimbira. Iwo mtolo waukulu ngati nyumba, ine kamtolo koti mwana wa sitandade wanu angaseke. Ndaphimba bedi langa bwinobwino ngati khanda.

Masana kwabwera mphepo. Udzu wanga wanyamuka wonse, wapita cha kumsika. Mphasa yautsatira. Kenaka mpanda waweramira kumanzere, waganiza pang'ono, n'kugona chafufumimba pa mpiru.

Ndakhala pa njerwa zanga khumi ndi ziwiri zija. Ndimati ndilire, koma chatuluka ndi chiseko, mpaka misozi.

Amayi a dzulo aja abwera kudzapepesa maliro. Mmodzi wanyamula mbatata. Tasonkha moto ndi zigwagwa zothyoka, zimayaka bwino zedi, taotcha mbatata, tikuwotha moto dzuwa lili pamutu. Adada Tembo podutsa aima, adya ziwiri, n'kufunsa ngati manyowa akwana kapena abweretse ena.

Mayina a amayi onse atatu ndawadziwa tsopano. Tanthauzo la mzere wachiwiri uja andiuzanso. Sindilemba muno.

Lamulungu

Mabedi: palibe. Mbewu ya mpiru yotsala m'paketi ndafesa m'beseni lobooka, ndaliika padenga la bafa. Tambala akuliyang'ana.

Titaweruka kutchalitchi anyaMoyo akuti ndiwaperekeze. Tatsetsereka kuseri kwa nyumba zathu, kanjira ka mphindi khumi, mpaka kumtsinje. Kumeneko ndiye kuli madimba a mzere wathu wonse. Mpiru wofika m'mawondo, repu, anyezi, madzi pompo, mpanda wa minga woti nkhuku siyesa n'komwe. Aloza bedi la kumapeto, lolimalima kale.

"Ili n'lanu. Aticha amene ankakhala m'nyumba mwanumo ankalima pano. Kuseri kuja sikumera kanthu, aliyense amadziwa."

Ndawafunsa chifukwa chake sanandiuze tsiku loyamba lija.

"Munabwera ndi pepala, madamu. Munthu wa pepala sauzidwa." Aseka, n'kundipatsa mbande za mpiru zodzaza manja awiri. "Komanso mbwenu tikanaonera chiyani sabata yonse?"

Tawokera limodzi. Msana ukuwawa, zala zauma, nsapato za kutchalitchi zatheratu. Phiri la adada Tembo liyenera kutsika kumtsinje ndi ndowa, ndipo akuti ndowa yake ndisenza ndine.

Madzulo amayi ayimba, akufunsa za dimba. Ndati lili bwino, lili pafupi ndi madzi. Akondwa. Akuti abweretsa mbewu ya therere la ku Salima, adzandionetse kalimidwe kake.

Therere, mu Julayi, ku Mzimba. Ndati bwerani nayo, amayi.