Nyimbo Itakana Kutha

Inu, tamverani za a Kagulugufe, mkulu uja anatsogolera bandi ya jazi pahotela ina kuyambira tsitsi lili bii mpaka dazi kuwala ngati mbale yotsuka. Dzinalo linachokera pa kathayi kawo kamapiko awiri kaja. Lipenga analisiya kalekale mano atayamba kugwedera, ntchito inangotsala yoimirira kutsogolo n'kumagwedeza manja. Koma matama ake, abale!

Lamulo lawo linali limodzi: "Maso pa ine! Nyimbo imatha ndikakweza manja onse awiri. Kaya denga likugwa, osaleka." Woliza gitala wina atalekeza yekha anachotsedwa tsiku lomwelo, moti azibambo aimvi a m'bandimo ankawaopa ngati ng'ona.

Ndiye pahotelapo panabwera bwana watsopano, mayi wachitsikana, amene ankati jazi ndi nyimbo za agogo, bola kungoika makina oliza nyimbo.

"Loweruka masana ndikuyesani," anatero bwanayo. "Anthu akavina, mukhala. Akakhala pansi, munyamule zitoliro zanu."

A Kagulugufe mtima unawawa zedi, chifukwa kunja kwa bandiyo analibe moyo wina. Tsikulo litafika anafukula suti yoyera ya paunyamata wawo.

"Bambo, imeneyo munkavala mimba isanabwere," anatero akazi awo. "Mangani lamba."

"Lamba pa suti ya jazi? Ndine wapolisi ine?"

"Chabwino, ine ndanena."

Nyimbo itayamba, eee, zinthu zinali bwino! Malipenga akulira, ng'oma ikugunda, anthu mbwee pabwalo lovinira. A Kagulugufe atasuzumira n'kuona bwana akugwedeza phazi, anadzimva, n'kukoka mpweya wonse kuti chifuwa chituluke. Paja chakudza sichiyimba ng'oma. Batani la thalauza linangoti thwa! kuuluka, kukamenya chitsulo cha wang'oma, ngee! Zipi nayo inati sinditsala ndekha. Thalauza linauyamba ulendo wopita pansi, iwo n'kuligwira msanga ndi dzanja lamanzere.

Tsono nyimbo ithe bwanji, dzanja latsala limodzi?

Anakweza lamanjalo. M'bandi imeneyo dzanja limodzi limatanthauza kuti wasakisofoni alize yekha, ndiye mdala wasakisofoniyo anadzuka n'kuyamba kupopa. A Kagulugufe anapukusa mutu kukana. Wang'oma anati ndiye kuti tithamange, liwiro linakwera.

"Lekani!" ananong'ona a Kagulugufe.

"Akutiyesa awa," wathiromboni anauza mnzake. "Osaleka!"

"Ndati lekani, agalu inu!"

"Mwaona? Ngakhale kutukwana. Maso pamanja, anyamata!"

Nyimbo inazungulira, n'kubwerera, n'kuzunguliranso. Ovina thukuta kamukamu, ena anayamba kusuzumira mipando, mayi wina wonenepa n'kukhaliratu pansi akudzikupiza ndi mpango. Bwana anayang'ana wotchi, phazi lija litaleka kugwedezeka. Wasakisofoni maso anali psuu, mitsempha yam'khosi itatupa, koma osasiya. A Kagulugufe atamuona mdalayo chisoni chinawagwira. Munthu anayamba naye bandi ali anyamata, lero afere pa chitoliro chifukwa cha thalauza?

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anatsinzina, n'kukweza manja onse awiri.

Bandi inaima kamodzi, thi! Kutha kokoma chotero sikunamvekepo chiyambire. Ndipo m'kachetechete mmenemo holo yonse inamva kaphokoso kofewa, phwaa, thalauza likufika m'mapazi. Panaonekera kabudula wamaluwamaluwa amene mayi akunyumba anasoka ndi katani yakale, ndi timiyendo tiwiri ngati ndodo za wang'oma.

A Kagulugufe anawerama kuti atole chovala chawo. Oimba ataona mtsogoleri wawerama, onse anadzuka n'kuwerama nawo mwaulemu, monga amachitira pothokoza anthu. Ayi, holo inaphulika! M'manja, malikhweru, mayi wonenepa uja akugubuduzika ndi phwete.

Bwana anawapeza kuseri atakhala pabokosi la ng'oma, thalauza atalimanga ndi chingwe cha maikolofoni.

"Mukhala," anatero akupukuta misozi. "Loweruka lililonse. Koma anthu akufunsa ngati mathero azikhala omwewa."

A Kagulugufe anakonza kathayi kawo, n'kukweza chibwano.

"Mayi, muzidziwa nyimbo. Jazi sabwereza."