Batani Losabisa Kanthu

M'mudzi wina, umene dzina lake sititchula poti eni ake akadali moyo, munali kompyuta imodzi yokha. Inkakhala mu ofesi ya Komiti ya Chitukuko itafunditsidwa chitenje, ndipo wololedwa kuivundukula anali a Kadzakumanja okha, Wapampando Wamkulu komanso Mlangizi wa Zamakono.

Lolemba lina kunabwera uthenga wochokera ku boma woti mudziwo wasankhidwa kulandira mjigo. Chofunika chinali kudzaza fomu pa kompyuta, kujambula zooneka pa sikirini, n'kutumiza chithunzicho pofika Lachisanu. Kupanda apo, mjigo upita kumudzi wa kutsidya.

Fomu inadzazidwa. Nkhani inavuta pa kujambula.

Komiti inaitana a Likongwe, ojambula maukwati. Iwo anauza kompyuta kuti isagwedezeke, n'kuthwanimitsa kamera. Pachithunzi panatuluka kuwala koyera ndi chipumi cha a Likongwe. Lachitatu a Mlembi a Komiti anamangirira sikirini panjinga n'kupalasa mpaka ku boma kuti akuluakulu akadzionere okha. Atafika, galasi linali bii.

"Fomu yagwa m'njira," anatero a Mlembi pobwera. Anthu anayi anatumidwa kukaifunafuna mumsewu.

Lachinayi mayi Nasibeko, osesa mu ofesimo, anaika tsache pansi.

"Pepani a Wapampando, ndilankhuleko? Pa kompyutayi, pakonapa, pali batani lolembedwa PrtSc, ndimalipukuta tsiku ndi tsiku. Mwana wanga wa ku Zomba anandisonyeza. Mukalidina limajambula zonse za pagalasi, kenako mumamata mu uthenga podina Ctrl ndi V. Koma mukalidina pamodzi ndi Alt, litenga fomu yokhayo."

Komiti inakambirana ngati wosesa ali ndi ufulu wodziwa zimenezi. Inagwirizana kuti alibe, choncho maganizowo analembedwa m'dzina la a Wapampando.

"Fomu yokhayo bwanji?" anakalipa a Kadzakumanja. "Ife sitibisa kanthu, mayi. Tijambula zonse!"

Anavala jekete, anatsokomola, n'kudina batani, anthu akuwomba m'manja. Chithunzi chinapita ku boma. Kuti aliyense aone luso lawo, anachiponyanso pagulu la foni la mudzi wonse.

Batani silinasankhe. Kumanzere kwa chithunzi kunali fomu. Kumanja kunali kalata imene a Wapampando anaiwala kutseka, youza okumba mjigo kuti malo amene anthu onse agwirizana ndi kuseri kwa nyumba yawo, mkati mwa mpanda.

Mjigo unakumbidwa pafupi ndi sukulu.

Komiti inakumana mwadzidzidzi ndipo inapeza wolakwa. Mayi Nasibeko anachotsedwa ntchito chifukwa chodziwa katundu wa boma popanda chilolezo. Iwo sanadandaule. Mwezi wotsatira mudzi unawasankha kukhala Wapampando, ndipo ntchito yosesa, poti inali isanapeze mwini, inapatsidwa kwa a Kadzakumanja.