Tsiku la Anyamulampando

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga poopa achibale, munali zipani zambiri kuposa zitsime. Chipani chilichonse chinali ndi dzina lodzipatsa chokha, koma anthu ankagwira lomwe mudzi unachipatsa. Kunali Achikutumbwe, amene ankalonjeza mlatho pamalo popanda mtsinje, ndi Amadyakawiri, amene ankavina pamisonkhano ya mbali zonse. Ndiye kunali chipani cha a Yotamu Chikalimba.

A Chikalimba anali Mtsogoleri Wamkulu, Mneneri, komanso Mlangizi wa Mtsogoleri wa Bungwe la Anthu Oona Patali ndi Okonda Chitukuko. Kalelo misonkhano ikuchitikira pansi pa mkuyu, aliyense ankabwera ndi mpando wake. Iwo akagonja pamtsutso, zomwe sizinali zachilendo, ankanyamula mpando n'kuchoka, owatsatira ali pambuyo. Mudzi unawatcha Anyamulampando, ndipo dzinali linawawawa mpaka imvi zinamera.

Holo ya m'mudzi itamangidwa, kunamveka kuti patsiku loitsegula zipani zakale zilemekezedwa. A Chikalimba anapita kwa mayi Esinala Kamwendo, mphunzitsi woyendetsa mwambowo, n'kuwauza kuti adzawaitane ndi dzina lenileni la bungwe lawo, chifukwa sakufuna kukalowa m'manda ndi dzina lachipongwe. Mayiwo anayesa kuwachenjeza, koma anagonja. Kunyumba nako akazi awo, Nangozo, anawakumbutsa kuti mako ndi mako angachepe mwendo. Iwo anayankha kuti ndale si zam'khitchini.

Tsikulo holo inadzaza. Achikutumbwe ataitanidwa kunali nthungululu. Amadyakawiri anaimirira ena kumanzere, ena kumanja, anthu n'kuwaombera m'manja. Kenako mayi Kamwendo anapuma mpweya wokwanira n'kutchula dzina lonse la bungwe lija.

M'holo anthu anangoyang'anana. A Chikalimba anaimirira okha, jekete atalimanga mabatani onse. Mamembala awo awiri otsala, a Fulaye ndi a Mdzeka, anali kutembenuka kufuna kuona eni dzinalo, poyesa ndi alendo.

"Bungwe limeneli labwera ndi feteleza?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

Mawu akuti feteleza anayenda ngati moto wolusa, ndipo ena anayamba kale kufola pakhomo. A Mdzeka anakoka jekete la mtsogoleri wawo.

"Khalani pansi achimwene, mukutitchingira. Tiwaone anthu oona pataliwo."

A Chikalimba anapsa mtima. Moyo wawo wonse wandale unali kuthera pamzere wa feteleza. Anatembenuka, ndipo manja anachita zomwe anazolowera: mpando unali kale paphewa.

"Anyamulampando!" anakuwa mkulu wina.

Holo inagwedezeka. Nthungululu, malikhweru, achinyamata kukwera pamabenchi kuti aone ndi maso zomwe ankangomva kwa makolo awo. A Fulaye ndi a Mdzeka anadzidzimuka ngati asilikali omva lipenga, nanyamula yawo mipando n'kutsatira.

A Chikalimba anali asanaomberedwepo m'manja chibadwire. Mkwiyo unayamba kusungunuka asanafike pakati pa holo. Anachepetsa liwiro, nawongola msana, mwinanso anakweza dzanja pang'ono. Pakhomo anapeza mayi Kamwendo atawatsekera njira mwaulemu.

"Musavutike kupepesa mayi," anatero iwo. "Dzinalo lisiyeni momwe anthu akulifunira."

"Zikomo bambo," anayankha mayiwo. "Koma mipandoyo ndi ya holo."