Chipolopolo Chimodzi cha Alamu Anga

A Halvard Brekke, alamu anga, ankalowa m'nkhalango ndi chipolopolo chimodzi basi, chopanga okha. Mfuti yawonso inali yolowa chimodzi, kukamwa kwake kokwana chala chachikulu. Ife a gulu la uzimba tinkadzaza matumba, iwo n'kumatiyang'ana ngati tabwera kudzamenyana ndi mitengo.

"Nanga mukaphonya?" ndinawafunsa.

"Ndiye kuti mphalapalayo ipite kwawo."

Sankaphonya, ndipo n'zimene zinkandinyansa.

Ine ndinkafuna kanthu kochepa: chipolopolo chawo chimodzi, ndichiyese m'mfuti yanga, poti kukula kwake kunali kofanana. Ndinapempha mpaka imvi kumera. Ukawapeza m'kashedi kawo, ali pa kasikelo, akutola wonga kambewu kamodzikamodzi, kupuma ataleka.

"Tseka chitseko, Sverre, mphepo ikunamiza sikelo."

"Ndabweretsa khofi, alamu."

"Khofi panja. Iwenso panja."

Tsiku lina mchemwali wanga Oddny, mkazi wawo, anawaitana kukadya ali mkati moyeza. Anakhuthula zonse n'kuyambiranso, ati munthu akadodometsedwa amatha kuthira wonga kawiri. Nsomba inazizira, Oddny sanawalankhule mpaka Lamlungu.

"Chimodzi chokha, alamu," ndinayesanso chaka chatha.

"Ichi ndinapangira mfuti yanga, yako sichiidziwa. Ukufuna ndikatole nkhope yako pachipale chofewa mfuti itakuphulikira, ndidzamuuze chiyani Oddny?"

"Umbombo basi."

"Eya, umbombo. Pita."

Atadwala m'mapapo ndinati tsopano afewa. Kufewa kwake kuti? Masiku omaliza anadzikoka mpaka kushedi, n'kumasula zipolopolo zonse, wonga n'kuumwaza pa kapinga kuseri kwa nyumba ngati feteleza. Munthu akufa, koma mphamvu zondimana anali nazo. Ndikunena pano mtima ukuwirabe.

Titaika maliro, Oddny anandipatsa mfuti ija, sikelo, ndi bokosi la makoko a zipolopolo amkuwa opanda kanthu.

"Anati upange zako, uyambe ndi wonga wochepa. Anati dzanja uli nalo, chokuwononga ndi phuma."

Nkhalamba youma mtima ija. Zaka zonsezi n'kulephera kundiuza ndi pakamwa pake, mpaka kutuma mkazi wamasiye.

Chaka chino m'nkhalango muli phokoso lokhalokha, anyamata akuwomba kangapo nyama imodzi, wotinyoza palibe. Kapinga uja wabiriwira moti ndikamadutsa ndimatukwana. Dzulo ndili m'kashedi kaja, kambewu ka wonga kali pafupi kugwera pa sikelo, Oddny anatsegula khomo atanyamula khofi.

"Tseka chitseko," ndinakalipa.

Anaima pomwepo, kapu ili m'manja. Kenako anabwerera nayo panja, n'kutseka pang'onopang'ono.