Gauni Ndisoka Ndekha

Lolemba

Uthenga wafika pa gulu la kalasi pa foni: galajuweshoni ndi Loweruka. Magauni tikabwereke ku ofesi ya koleji, tibweze tsiku lomwelo.

Kubwereka. Zaka ziwiri ndikuphunzira zosoka, ndiye tsiku lolandira pepala la utelala ndivale chosoka munthu wina? Ndalemba pa gulupo kuti ichi ndi chipongwe. Bupe, kamtsikana kamene timakhala nako benchi imodzi, kayankha: "Ba Anti, mwayambako."

Sindinayambe lero. Ndinayamba kalekale pano pa Chawama, kuphwasula malaya a salaula, ovalidwa kale aja, kuti ndione mmene anawalumikizira. Palibe anandigwira dzanja. Ku koleji, kalasi ya madzulo, ndinapita chifukwa masukulu sapereka ntchito ya mayunifomu kwa munthu wopanda pepala.

Amai akubwera kuchokera ku Katete Lachinayi. Moyo wawo wonse aimbira nthungululu ana a eni. Wa m'nyumba mwawo palibe anatchulidwapo dzina pa maikolofoni. Loweruka dzina langa litchulidwe, ndiyende pamaso pawo nditavala chosoka manja anga, iwo aimbe. Ndizo basi.

Vuto ndi limodzi: gauni sindinaigwirepo.

Lachiwiri

Ndazungulira komboni kufuna gauni yoti ndionereko. Anthu ali ndi zithunzi pakhoma, gauni alibe. Onse anabwereka. Ndipo zithunzi zonse ndi zakutsogolo. Kumbuyo kumakhala bwanji? Palibe akumbukira.

Kenaka ndikukumbuka Ba Bishopu a tchalitchi cha pafupi ndi msika. Chaka chatha anapita kwinakwake kumapeto kwa sabata, anabwerako ndi gauni. Amaivala pa maukwati.

Ba Mai Busa, akazi awo, andilola kuiona kuchipinda, koma osatuluka nayo. Ndaiyala pabedi. Zimene ndapeza:

Ndi yofiira, osati yakuda ngati za m'zithunzi.
Kumbuyo ili ndi timakwinya tambirimbiri, ngati siketi ya mwana wa sukulu.
Manja ndi otupa. Munthu angabisemo nkhuku.
Thumba ilibe. Nanga foni amaika kuti?
Pa dzanja lililonse pali mizere itatu ya veleveti.

Ndafunsa za mizereyo. Ba Mai Busa aganiza pang'ono, akuti: "Atate, Mwana na Mzimu Woyera." Zomveka. Ine ndine Mkhristu, ndiikapo.

Chipewa chake si cha thabwa chija cha m'zithunzi. Ndi chofewa, chozungulira, ngati chitumbuwa chimene wina wakhalira. Ndachikonda. Cha thabwa chimandidabwitsa: mvula sichitchinga, dzuwa sichitchinga, pogona sungatsamire.

Zakuda ndi za maliro. Ndikuganiza koleji imabwereketsa zakuda chifukwa sizionetsa litsiro.

Lachitatu

Ku Kamwala, ku masitolo a nsalu, kuyambira m'mawa. Nsalu yofiira ngati ya Ba Bishopu kulibe. Yoyandikira ndi ya makatani. Wogulitsa akundifunsa: "Mawindo yangati, mami?" Ndamuuza kuti windo ndine.

Ndi yolemera. Mu minibasi kondakitala akufuna ilipire mpando wake. Ndamuyankha mpaka pa siteshoni, anthu akuseka.

Kufika kunyumba malaiti apita. Ndatulutsa makina akale opalasa ndi mwendo, amene ndinayambira.

Popalasa ndikukumbukira sabata yoyamba ku koleji. Ba Sakala, aphunzitsi athu, anatipatsa mapepala kuti tisoke popanda ulusi, kungotsata mzere. Ine, mayi woti ndaveka akwati theka la Chawama, kuboola pepala. Ndinawauza maganizo anga. Iwo anangokweza pepala langa kuwindo. Mzere unali wokhota. Sindinawalankhule mpaka mwezi unatha.

Koma kolala anandiphunzitsa ndi iwo, zoona zinenedwe. Makolala anga akale ankaima mbali imodzi ngati khutu la galu.

Singano ziwiri zathyoka. Katani safuna makwinya.

Lachinayi

Amai afika ndi thumba la nshawa, nkhuku yamoyo ndi chitenje chatsopano chimene sichinachapidwe. Maso awo achepa mphamvu. Pa siteshoni anakumbatira mayi wina, mayiyo n'kuvomera.

Aigwira gauni, aipapasa. "Nanga ukalandira pepala kapena ukadzozedwa?"

Ndawafotokozera za mizere itatu. Akuti Akatolika sachita zimenezo, koma Lusaka ndi Lusaka.

Akufunsa mafunso amene ine ndilibe mayankho ake. Pepala limodzi bwanji osangokupatsa pamanja? Amene anayamba kuvala zotere anali kumva mphepo? Ukadzamwalira tidzakuveka yomweyi? Ndafunsa pa gulu la kalasi funso lachiwirilo. Bupe watumiza tinkhope toseka. Ana awa anaphunzira ndi ine zaka ziwiri, samafunsa kanthu. Mayeso akafika amabwera kudzakhala pafupi ndi Ba Anti, mayeso akatha Ba Anti ndi wailesi.

Ndiwasowa koma. Bupe ankandisungira malo ndikachedwa ndi makasitomala, ine ndinkamubweretsera vitumbuwa.

Chipewa chakana. Choyamba chatuluka ngati cha ophika mu hotela. Chachiwiri ndaikamo katoni m'mphepete, chagwira. Thumba ndasokera mkati, lalikulu.

Amai ayeseza nthungululu pabwalo. Aneba atuluka kufunsa kuti wabala ndani.

Lachisanu

Kuyeseza ku koleji. Atiimika pamzere padzuwa monga mwa zilembo za maina. Kuyenda, kuima, kugwira chanza, kumwetulira, kutsika. Munthu wa zaka zanga kuphunzitsidwa kuyenda.

Ba Sakala ali ndi pepala la obwereka magauni. "Mayi, dzina lanu palibe apa."

Ndawauza kuti ndasoka yanga. Akuti malamulo salola. Ndawafunsa ngati ophunzira zophika mawa akagula chakudya ku lesitilanti. Ana aombera m'manja. Ba Sakala ayamba: "Mvetserani, gauni iliyonse ili na tanthauzo, mtundu wake na..." Sindinadikire. Ndanyamula chikwama, ndatuluka. Tanthauzo ndikulidziwa, anandiuza Ba Mai Busa.

Panjira mtima watsika, ndayamba kudzifunsa kuti mawu aja amathera pati. Ndikanatha kuimbira Bupe. Sindinamuimbire, angaganize kuti ndagonja.

Gauni yatha. Ndasita ndi nsimbi ya makala. Kutsogolo ndi yabwino kuposa ya Ba Bishopu. Ndikaivala ndimatuluka thukuta ndisanayende.

Loweruka

Gauni siingalowe mu minibasi osakwinyika, ndiye takwera takisi. Woyendetsa wandiyang'ana pagalasi, wadutsa geti la ophunzira, watitsitsa ku geti lakutsogolo. Tachedwa, nyimbo yayamba kale.

Atsikana awiri olandira alendo, a chaka choyamba, sandidziwa. Mmodzi watenga Amai kupita nawo ku tenti ya makolo. Wina wagwada pang'ono: "Ba Dokota, tiyeni kuno." Ndikuganiza ndi ulemu wa tsikuli. Ndamutsata. Masitepe. Kapeti. Mpando wa khushoni, kutsogolo, pa nsanja ya akuluakulu.

Ndiye ndikuona. Ophunzira onse pansi apo, akuda bii ngati akhwangwala. Ofiira tilipo awiri: ine ndi mlendo wolemekezeka, bambo wa imvi wochokera ku yunivesite. Pa dzanja lake mizere itatu. Bamboyo si m'busa, ndi dokotala wa maphunziro.

Wandigwira chanza. "Dokota, munachitira kuti yanu?"

Ine amene ndimayankha makondakitala, malandilodi ndi Ba Sakala, ndati: "Kuno kwathu." Wagwedeza mutu mwaulemu.

Ndimafuna kunyamuka, koma apemphera. Atatha kupemphera andipatsa madzi a m'botolo ndi pulogalamu. Kenaka mkulu wa koleji, amene ife a kalasi ya madzulo sanationepo, walonjera "madokotala athu onse awiri", anthu aomba m'manja, ine ndakweza dzanja. Dzanja linakwera lokha.

Kumwamba kuja kumaoneka zambiri. Akuluakulu amavula nsapato kuseri kwa nsalu ya tebulo. Mapepala okulunga ndi riboni aja ali mu katoni ya sopo, ndasuzumira limodzi, mulibe cholembedwa. Gauni ya mlendo ili ndi zipi yobisika, mpendero wake ndi wa pamanja, wokongola. Ndaugwira pang'ono iye akulankhula.

Ba Sakala akuwerenga maina atatifulatira. Bupe wakwera, wandiona, pakamwa pake patseguka, wagwira chanza cha mlendo maso ali pa ine. Watsika.

Dzina langa.

Kuchokera ku tenti ya makolo nthungululu yaphulika, yaitali, ya ku Katete. Pamzere palibe akuyenda. Ba Sakala abwereza dzina. Amai abwereza nthungululu. Ine ndili ndi botolo m'manja, ndikuuza miyendo kuti tiyeni. Kunyamuka pano ndi kuuza anthu onsewa kuti dokotala wachiwiri ndi telala wa pa Chawama wovala katani. Mlendo wandiweramira: "Ena amalephera ndalama ya gauni, n'zachisoni." Ndavomera ndi mutu.

Dzina lotsatira.

Pomaliza atiperekeza ku chakudya cha akuluakulu. Pakhomo ndakumana maso ndi Ba Sakala. Ayang'ana chipewa, mizere, mpendero. Angoti: "Makwinya yakumbuyo mwayakwanisa." Ndikanakonda akanandikalipira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Gauni ili pa msomali kuseri kwa chitseko. Pa gulu la kalasi pali zithunzi zanga zambiri, palibe ndi chimodzi chomwe ndikuyenda.

Pepala lenileni akuti tikatenge ku ofesi, pawindo, sabata ikubwerayi. Ndikavala diresi.

Amai akumanga katundu. Ndakhala pamphasa, ndawauza zonse mosazungulira, kuti dzina linatchulidwa ine ndili chikhalire pa khushoni, ndipo nthungululu yawo inaperekeza mphepo.

Akupinda chitenje. Kenaka akuti iwo ndi maso awowa ankangoona zakuda zikuyenda, ndipo wakuda mmodzi anakwera pambuyo pa dzina langa, anamuimbira ndi mtima wonse. "Anayenda bwino, mwana wa eni."

Ndafunsa ngati akwiya. Akuti ayi, anazolowera.

Basi ya ku Katete inyamuka masana. Nshawa andisiyira.