Buku la Maliro a Anthu Amoyo

Lolemba

Kutentha kwa lero, ngakhale mbuzi za pa Bangula zabisala pansi pa malole. Pachigayo chathu cha mpunga nkhani ndi imodzi: a Sandalamu, onyamula matumba, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pantchito, alandira kalata. Anajomba masiku anayi. Anali ku Kasisi kukaika amalume awo, amene anawalera kuyambira ali wakhanda. Lamulo la kampani limapereka tchuthi cha maliro pa bambo, mayi, mkazi kapena mwamuna, ndi ana basi. Amalume mulibemo. Mlandu wawo ndi Lachisanu, ndipo akapezeka olakwa ntchito yatha.

Ine monga mlembi wa yuniyoni ndalowa mu ofesi ya Mayi Nyirenda, oyang'anira za antchito. Ndawauza kuti kuno kwa Amang'anja amalume ndiye mwini mbumba, sungawaike m'manda n'kuthamangira basi. Andimvetsera bwinobwino. Kenako akuti: “Vuto n'lakuti pali ena pano aika mayi awo katatu.” Sakunama. Mmodzi wa iwo ndi tcheyamani wathu.

Tagwirizana chonchi: wantchito aliyense alembetseretu mayina asanu a abale oti akamwalira adzapatsidwe tchuthi, amalume momwemo. Buku likadzaza pofika Lachisanu, eni kampani asintha lamulo, mlandu wa a Sandalamu ufera pomwepo.

Ndagula:
- hadikava imodzi
- rula
- mabolopeni awiri, poti anthu achuluka

Pachikuto ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu: BUKU LA MALIRO. Ntchito yophweka bwanji!

Lachiwiri

Ndakhala patebulo pafupi ndi sikelo kuyambira m'mawa. Anthu akulambalala ngati patebulopo pali mavu.

Mayi Esinati osoka matumba: “Alembi, mayi anga ali kudimba akupalira mbatata. Inu mukuti ndiwalembe m'buku la maliro? Malodza amenewo!”

A Zuze a ku injini: “Nkhabe! Ife Asena wamkulu ndi mchimwene wa bambo. Amalume anuwo ndi anu.” Ndawauza kuti lembani amene mukufuna. Akuti azibambo ali nawo asanu ndi awiri, ndiye awiri otsalawo akawauze kuti chiyani?

Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti dzina papepala silipha munthu. Onse akuvomera kuti n'zoona, n'kumapita.

Olembetsa lero: mmodzi. A Tchale, mlonda wa pageti. Alemba apongozi awo aakazi pa nambala wani, akumwetulira, mpaka kubwereka rula n'kudula mzere kunsi kwake.

Lachitatu

Ndamata pepala pachikuto: BUKU LA ABALE. Dzuwa likawomba, zilembo zakale zikuonekera mkati. Kaya!

Kuti ndipereke chitsanzo, ndalemba mayi anga anthu akuona. Dzanja linanjenjemera, ndisaname. Atatu atsatira, koma mmodzi walemba anthu amene anamwalira kalekale, akuti amenewo ndiye sangadandaule.

Tcheyamani wakana. Akuti iye mtima ulipo, koma kuofesi mayi ake ndi omwalira katatu, ndiye akawalemba lero awadzutsa bwanji? Mtsogoleri wathu ameneyo, tinamusankha ndi manja awiri.

A Sandalamu akugwirabe ntchito. Thumba paphewa tsiku lonse. Akadutsa patebulo akungosuzumira bukulo, osafunsa kanthu. Bola akanandifunsa. Mtima ukundiwawa ndikamawaona.

Lachinayi

Zavuta! Apongozi a a Tchale adwala malungo, agonekedwa kuchipatala. Malungo m'Chigwa muno amagwira aliyense, ngakhale amene sanalembedwe, koma kauzeni anthu zimenezo lero. Akazi a a Tchale afika pageti chitenje m'chiuno: “Ali kuti wabukuyo?” A Tchale abwera kudzafufuta dzina okha, thukuta kamukamu, mpaka kuboola tsamba. Atatu adzulo aja nawo afufuta. Ngakhale wa anthu akufa uja wafufuta, akuti osawaputa ali chigonere.

Pa nkhomaliro Mayi Esinati atsogolera pemphero, apempherera odwala, akaidi, ndi “amene akuyenda ndi mayina a anzawo m'chikwama.” Onse ati ameni akundiyang'ana.

Masana foni ya mlongo wanga kuchokera kwa Maseya: “Achimwene, tamva kuti mwawalemba amayi. Anakulakwirani chiyani?” Akuti amayi sanadye chimvereni nkhaniyo. Nkhani yayenda mtunda wonsewo popanda kulipira basi.

Mayina otsala m'buku: limodzi. La mayi anga.

Lachisanu

Mlandu. Mu ofesi tilimo atatu: Mayi Nyirenda, a Sandalamu, ndi ine. Tcheyamani akuti wamva mutu. Mayi Nyirenda atsegula buku, aona dzina limodzi lija ndi mabowo, alitseka pang'onopang'ono. Lamulo likhala mmene lilili.

Kenako adzuka, atseka chitseko, atsitsa mawu. Pafomu pali mzere wofunsa ubale ndi womwalira. “Amalumewo anakulerani, si choncho? Ndiye kuti ndi bambo anu. Ndilemba kuti bambo, musayine, mubwerere kumatumba. Palibe adzafunse.”

Ine mtima pansi! Ndawaponda phazi a Sandalamu kunsi kwa tebulo.

Iwo chipewa chili pabondo: “Mayi, zikomo kwambiri. Koma bambo anga alipo. Ndi okalamba, saona, sanandilere, koma alipo. Dzulo adya mlamba wonse okha. Ndiwaphe ndi bolopeni chifukwa cha ntchito?”

Ndawanong'oneza kuti achimwene, ndi pepala chabe ili, ganizani za ana.

“Nanga inu dzana dzanja limanjenjemeranji?”

Ndachotsa phazi langa. Mayi Nyirenda afunsanso kachiwiri, kachitatu. Kenako alemba “amalume,” n'kudinda chidindo. A Sandalamu asayina ndi chala, abweza ovolosi ndi magambuti kusitolo, atuluka pageti nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Ndakwiya. Ndi kampani, ndi anzanga, ndi iwowo. Kwambiri ndi ine mwini.

Loweruka

Msonkhano wa yuniyoni pansi pa mtondo wa kuseri kwa sitolo. Mutu wa nkhani: tinyanyale ntchito Lolemba mpaka a Sandalamu abwerere.

Obwera: ochepa.
Tcheyamani: wapita kumaliro. Sindinafunse a ndani.

Onse alankhula bwino zedi. A Zuze amenya chibakera pamtengo, akuti lero ndi Sandalamu mawa ndi ife. Mayi Esinati alira. Wina wakumbutsa kuti pageti m'mawa uliwonse pamaima aganyu ochuluka kuposa ife, ndipo matumba sasankha phewa.

Ndatulutsa pepala kuti ofuna kunyanyala alembe mayina, poti lamulo likufuna kuti tidziwitse kampani mwadongosolo. A Tchale abwerera m'mbuyo: “Alembi, mapepala anu aja ayi. Apongozi angotuluka kumene m'chipatala.” Mmodzimmodzi akumbukira kuti ali ndi zochita kumsika. Ndatsala ine ndi mabolopeni anga awiri.

Lamlungu

Mamawa ndakwera minibasi kupita kwa Maseya. Amayi andilandira osandiyang'ana kumaso. Ndagwada, ndapepesa, ndafufuta dzina lawo iwo akuona. Sadziwa kuwerenga, koma agwira tsambalo ndi chala kuti atsimikize. Kenako apempha phala.

Pobwerera ndakumana ndi a Sandalamu pasiteji, akuchokera kutchalitchi, jekete lawo lakuda lija ngakhale kukutentha chonchi. Ndinakonzeka kuti andinyoze. Iwo andigwira dzanja ndi manja awiri: “Takhuta, zikomo, alembi. Munayesetsa.”

Pempho ali nalo limodzi. M'mawa uliwonse amene amalemba mayina a aganyu pageti ndine, ndiyo ntchito yanga yeniyeni pachigayopo. “Mawa mundiike koyambirira. Dzuwa likakwera, mawondo angawa sapirira pamzere. Koma thumba ndinyamula, mukundidziwa.”

Ndavomera. Waganyu alibe tchuthi cha maliro a munthu aliyense, ngakhale a bambo ake omubereka. Sindinawauze zimenezo. Akuzidziwa.