Tsiku Limene Mfumu Mkango Inayankhula Mwachidule

Kalekale, nyama zisanaphunzire kugona pamisonkhano maso ali tong'o, m'nkhalango ya Chimbalanga munkalamulira Mfumu Mkango. Mfumuyi inali ndi lamulo lomwe inkalikonda kuposa nyama yonona: mawu achidule ndi mwano, ndipo pabwalo samveka. Wofuna kunena kanthu ankayamba walonjera nduna zonse, iliyonse ndi maudindo ake, mpaka agogo ake omwe anatisiya kale. Woyang'anira lamuloli anali Nyani, Nduna ya Zoyankhula, amene ankati akayamba kuthokoza mvula, ankamaliza chimanga chitauma.

Tsiku lina m'chilimwe, Njiri anafika pabwalo ali wefuwefu, mchira uli njo.

"Moto! Ana anga ali kuuna kudambo. Tumizani a Njovu!"

Njovu, wozimitsa moto wa boma, anali pomwepo, madzi ali tho m'chitamba. Koma sankasuntha mfumu isananene.

"Mayi, munakulira kuti?" anafunsa Nyani. "Nkhani yaikulu chonchi mungoiponya ngati fupa? Khalani pansi ndikukonzereni."

Anatsokomola, nayamba. "Olemekezeka Mfumu yathu, mwini nkhalango, mthunzi wa amasiye, inu amene mukayasamula mbalame zimaleka kuuluka. Olemekezeka a Fisi, Nduna Yoteteza Mbuzi..."

Nyama zinaomba m'manja. Utsi unayamba kuoneka pamwamba pa misuku. Njiri anagwada, analira, anagubuduka pafumbi, koma anamuuza kuti asadule akuluakulu pakamwa.

Nyani atafika pa nkhani ya motoyo, anautcha "kutentha kwina komwe akuti kwamveka m'madera ena." Fisi anaimirira kuthokoza Nyani chifukwa cha mawu ogwira mtima. Kenako mfumu inalengeza kuti mu ulamuliro wake palibe mwana amene adzapse, ndipo inakhazikitsa komiti yofufuza ngati motowo unalidi moto.

Koma abale, moto sudikira komiti. Mphepo inatembenuka, lawi linathamanga ndi udzu mpaka pabwalo, n'kugwira manyenje a mfumu.

"Madzi!" inabangula mfumu.

Njovu anayang'ana Nyani. Nyani anayang'ana zala zake.

"Pepani, mfumu," anatero Njovu mwaulemu, "sindinamve. Mawu achidule samveka pabwalo pano."

Apo Njiri anapukuta misozi. Anatuluka pabwalo, nakaima paseri pa chulu, pomwe lamulo silinkafika.

"A Njovu! Ana anga!"

"Eya, izo ndamva," anatero Njovu. "Ndipo mfumu yanena yokha kuti mwana asapse."

Anathamanga onse awiri, nyama zina zili pambuyo. Anawo anawapeza amoyo, atakumbatirana pansi pa una, ubweya wokha ndi womwe unawauka. N'chifukwa chake mpaka lero njiri ubweya wake ndi wa apa ndi apo. Mayi wawo anawanunkhiza mmodzimmodzi ndi chimwemwe.

Pobwerera, chitamba cha Njovu chili gwa, madzi onse atathera pozimitsa moto wa kudambo, anapeza mfumu ikudumphadumpha, mutu ukufuka utsi, ikupempha madzi motsata lamulo. Inali itafika kale patali ndithu.

"Olemekezeka a Fisi, Nduna Yoteteza Mbuzi, olemekezeka a Njovu, olemekezeka..."

"Pepani, bwana," anatero Nyani motsitsa mawu. "Mwadumpha agogo awo a Fisi. Yambiraninso."